Kachubu Kamene Ndinakafunditsa

Ine ulendo umenewo sindinapite kukaona zodabwitsa ayi. Ndinapita kukamuchotsa ntchito mwana wanga. Mawu ndinali nditawakonza kale, ndipo m'basi monse ndinkangowabwereza chamumtima: Apulofesa, mwanayu ndi woyembekezera, wapita padera kawiri, kachitatu aka ine sindilola, mum'masule.

Mwana wangayo timamutchula Namafunso. Anam'patsa dzinali ndi malemu bambo ake, chifukwa kuyambira ali kamwana pakamwa pake sipankatsekeka. Bwanji mkaka umasefukira pamoto koma madzi ayi? Amauza nsidze kuti zisiye kukula ndani? Ine ndinkangoti, "Iwe, kafunse aphunzitsi ako, ndatopa." Ndiye anakafunsadi, n'kufunsabe, mpaka anapezeka ali mu labu ya pa yunivesite atavala gawuni loyera, akulandira malipiro chifukwa chofunsa mafunso.

Ine ndine mzamba. Ndinapuma ntchito, koma ana amene ndawalandira ndi manja awa akhoza kudzaza sukulu. Choncho pa nkhani ya mimba munthu asandiuze zambiri. Mimba yoyamba ya Namafunso inayamba kukoka pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, iye ali kuntchito. Kamwana kanali kamamuna, kanapuma pang'ono n'kutisiya. Ndinamuuza pamaso osapsatira kuti ndi ntchito yake ija, kuimirira tsiku lonse, kulowa m'zipinda zozizira, kununkhiza mankhwala. Atatenga yachiwiri ndinakamutenga ndekha. Anagona pabedi panga, ine pansi, ndipo sindinkamulola kunyamula ngakhale kapu. Nayonso inachoka. Ndinati mankhwala a kulabu aja anali atalowerera kale m'magazi.

Tsono iyi inali yachitatu. Dokotala wake anali atasoka khomo la chiberekero, n'kunena kuti akhoza kumagwira ntchito bola akhale pansi. Dokotala wakenso uti, woti ine ndikanatha kumulandira pobadwa! Mpongozi wanga ndi munthu wabwino, koma wofewa ngati buledi woviika mu tiyi. Ndikalankhula ine amati, "Zoona amayi." Akalankhula mkazi wake amatinso, "Zoona." Nkhondo yonse inali yanga ndekha.

Tsiku lina Namafunso anangoti, "Chabwino amayi. Bwerani mudzawauze nokha Apulofesa. Mukawauza, ine ndisiya, sinditsutsa. Koma mubwere m'mawa, iwo amatuluka m'kalasi masana."

Kusatsutsa kwakeko kunandidabwitsa. Analankhula ngati munthu amene watopa kukoka chingwe ndipo wangochisiya. Koma ndinati kandimverere anakanena za m'maluwa, bola ndikafike ndekha.

Labuyo ili pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali. Chitseko chake sichitseguka ndi kiyi, amachionetsa kakhadi. Titangolowa, mphuno yanga inazindikira sipiriti ndi sopo wa kuchipatala, koma pansi pake panali kafungo kena kachilendo, ngati ka nsalu yonyowa imene yaiwalika mu ndowa. Mabotolo anali mbwee m'mashelefu. Pakona panali makina ngati kabati ya galasi, ndipo mkati mwake mabotolo akuluakulu ankagwedezeka okha, onse pamodzi, muli madzi achikasu ambuu.

"Msuzi wanji umenewu?" ndinafunsa.

"Mabakiteriya, amayi."

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda tebulo. Moyo wanga wonse ndalimbana ndi tizilombo timeneti, kusamba m'manja mpaka khungu kusweka, ndiye mwana wanga akutiphikira chakudya n'kumativinitsa!

Anaseka. Ndinali ndisanamumve akuseka kwa nthawi yaitali. "Awa si oyambitsa matenda. Ndi antchito anga. Amandipangira puloteni ya munthu."

"Puloteni si ija timauza amayi kuti azidya mazira?"

"Imeneyo ndi yomweyo, koma ilipo mitundu yambirimbiri, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake m'thupi. Ine ndikufuna mtundu umodzi wokha, woyera, wopanda zosakaniza."

"Ndiye munadula munthu kuti muipeze?"

"Ayi. Tinangowapatsa mabakiteriyawa malangizo ochokera kwa munthu. Zili ngati kum'patsa telala muyeso wa munthu amene sanamuonepo. Iye amangosoka."

Ndinayandikiranso galasi lija. Sindinafune kuonetsa kuti zandikoka, koma maso anakana kuchoka. Atelala osaoneka, akusoka za munthu m'botolo. Koma abale, dziko lili ndi zinthu.

Anandiveka gawuni loyera ndi kundikhazika pa mpando wautali wopanda chotsamira. Mpandowo ndinauyang'ana ndi diso loipa, n'kuusunga mumtima kuti ndikawauzenso Apulofesa. Kenako iye anakhala moyang'anizana nane.

"Amayi, mukaika dzanja pamimba ya mayi amene matenda ayamba, mumamva chiyani?"

"Ukundiyesa mayeso ine? Imalimba gwa, kenako imafewa, kenako imalimbanso."

"Chimailimbitsa n'chiyani?"

"Chiberekero chikukoka."

"Chimakoka ndi chiyani?"

"Ndi mnofu wake. Chiberekero ndi mnofu."

"Nanga mkati mwa mnofumo chimakoka n'chiyani?"

Zaka zonsezo dzanja langa lili pa mimba za anthu, ndikumva kukoka kumeneko kukubwera ndi kupita, sindinafunsepo kuti wogwira chingwecho ndani. Zinandipsetsa mtima pang'ono, komanso ndinafuna kumva.

Anatenga kapepala n'kujambula. Anati mnofu unapangidwa ndi maselo, zimene ndinkazidziwa kale. M'kati mwa selo lililonse muli timaulusi, ndipo pambali pa timaulusito pali tinthu tokhala ngati tili ndi manja awiri. Dzina lake mayosini. Manjawo amagwira ulusi, kukoka, kusiya, kugwiranso patsogolo, monga mmene anthu amakokera chingwe. Akakoka onse pamodzi, mimba imalimba gwa.

"Nanga bwanji samangokoka nthawi zonse?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana n'kumwetulira, ndipo ndinazindikira kuti ndagwa m'mbuna yake.

"Funso limenelo ndiye ntchito yanga, amayi. Pakhosi pa mayosini aliyense pali kapuloteni kena kakang'ono. Muno timangokatchula kuti kabuleki. Kabuleki kakagwira, mayosini amakhala atapinda manja, duu. Ndiye pamabwera chinthu china, enzaimu, n'kukaika chizindikiro kabulekiko. Basi, manja amatambasuka, kukoka kumayamba. Kabuleki kameneko ndi kamene atelala anga aja amandisokera. Ine ndimakatenga, kukayeretsa, n'kukaveka pakhosi pa mayosini kuti ndione mmene kamagwirira ndi mmene kamamasukira."

"Ungaone bwanji chinthu chosaoneka?"

"Dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Si mmene munkandiuzira?"

Ananyamuka n'kubwera ndi kandowa kodzaza ayisi. Mu ayisimo munali timachubu tiwiri tapulasitiki, tating'ono kuposa chala changa chakumapeto. Anati umu ndi mmene muli mayosini ovekedwa kale kabuleki katsopano, ntchito ya masabata ambiri, ndipo zonse zimene zinatsala ndi tiwiri tomweti.

"Mundigwirire kandowaka. Ndipite kaye kuchimbudzi, mwanayu wakhala pachikhodzodzo, kenako ndikayatse makina m'chipinda chamdima. Nyale yake imachedwa kutentha."

Anatuluka, ine n'kutsala ndekha ndi mabotolo ovina aja.

Munthu ukagwira chinthu umafuna kuchiona. Ndinazula kachubu kamodzi mu ayisi n'kukakweza chakuwindo. Pansi pake panali kadontho koyera ngati msozi. Ndinakatembenuza uku ndi uku, kufuna kuona ngakhale kadzanja kamodzi, koma kunali chabe. Chimene ndinamva ndi kuzizira kokha, kolasa zala.

Tsono muyenera kudziwa kuti ku wodi ya amayi chinthu chozizira sichikhudza munthu. Manja timayamba tawatikita. Chomvera mtima wa mwana timachipumira kaye. Kabotolo ka jakisoni kochokera mufiriji timakafumbata mpaka kafunde. Zimenezi sitichita kuganiza, manja amangochita okha. Ndipo mwanayo anali atanena yekha kuti ichi n'chinthu cha munthu. Chinthu cha munthu chingagone mu ayisi ngati nsomba? Ndinakalowetsa m'kamisolo, pamene ndimasunga kiyi wa kunyumba, n'kunena kuti kakafunda ndiikamo kanzake.

Kenako ndinayamba kuyendayenda. Pakhoma panali zithunzi zikuluzikulu zowala, zobiriwira ndi zofiira. China chinali cha selo limene lamangidwa pakati ngati lavala lamba wothina, likufuna kuduka pawiri. Pansi pake panalembedwa kuti lambayo ndi mayosini yemweyo. Ha! Ndiye kuti wokoka chingwe uja ali paliponse, kuyambira pamene munthu ali kadontho mpaka tsiku lotuluka? Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, kachubu kali phee pachifuwa.

"Amayi, kena kali kuti?"

Namafunso anali ataima pa kandowa kaja, akufukula ayisi ndi chala.

Ndinapisa dzanja m'kamisolo n'kukatulutsa monyadira. "Aka. Ndakufunditsira. Bweretsa kanzakeko."

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino, ndikanamuyankha. Anangotseka maso, n'kupuma mpweya wautali, dzanja limodzi lili pamimba. Kenako anakalandira mofatsa n'kukabwezera mu ayisi.

"Kakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Chichokereni iwe."

"Amayi, izi zikatentha zimaonongeka. N'chifukwa chake zimakhala mu ayisi."

"Iwe usandinamize. M'thupi mwa munthu muli ayisi? Si motentha?"

"M'thupi muli zozisamalira, ndipo zikaonongeka thupi limapanga zina. Muno zili zokha, zilibe wozithandiza."

Kamawu kena kanandinong'oneza kuti zilibe kanthu, si masana ano akusiya ntchito? Koma kamawuko sikanandithandize. Ndinaona mmene anagwirira kachubuko, ndipo kagwiridwe kameneko ndimakadziwa bwino. Ndinachita manyazi osaneneka.

"Ndiye kataye," ndinatero. "Ndaononga."

"Muno sititaya chinthu tisanachifunse." Anatenga cholembera n'kuika kadontho kakuda pa chivindikiro cha kachubu kanga. "Tiyeni."

Chipinda chamdima chinali chaching'ono ngati bafa. Munali maikulosikopu yaikulu, yoposa ija ya kuchipatala yoyezera malungo, ndi sikirini pambali pake. Namafunso anakhala pansi n'kuyamba kugwira ntchito ndi kachipangizo kotapira timadontho, akundiuza chilichonse. Choyamba anatapa pang'ono m'kachubu kanga, n'kusakaniza ndi enzaimu yomasula buleki. Anadikira. Kenako anathira pa kagalasi kuti mayosini amatirire pamenepo, manja ali m'mwamba. Pamwamba pake anathira timaulusi topakidwa mankhwala owala, ndipo pomaliza chakudya cha mayosini chopatsa mphamvu.

"Manjawo simuwaona, ndi aang'ono kwambiri," anatero. "Muona timaulusi tokha. Ngati mayosini ali moyo ndipo buleki yamasuka, timaulusi tiyenda."

Anazimitsa getsi. Sikirini inayamba ili bii, kenako tinthu tinaonekera, tobiriwira, towala, ngati tizidutswa ta ulusi tomwazika pansi pa makina a telala. Tinali tokongola, sindinama. Ndinasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

Koma timaulusito sitinayende. Tinangokhala phee.

Tinadikira. Anasuntha kagalasi kuti tione pena. Pamenepo naponso zii.

"Mayo ine," ndinatero. "Ndapha. Ndine ndachita izi." Ndinaimirira kuti ndituluke, chifukwa misozi inali pafupi ndipo sindifuna kulira pamaso pa ana.

"Khalani pansi amayi. Mwadziwa bwanji kuti ndinu?"

"Nanga si ndaona ndi maso angawa? Ndakafunditsa, kafa. Palinso chofunsa apa?"

"Mwaona kamodzi. Kanzake kamene simunakakhudze mwakaona?"

Anati limeneli ndi lamulo loyamba la Apulofesa, ndipo aliyense wolowa mu labu muno amaliphunzira asanaphunzire pamene pali chimbudzi. Chilichonse chimene ukuyesa chizikhala ndi chinzake chimene sunachichite kanthu. Chinzakecho amachitchula mboni. Usanaimve mboni, suloza chala munthu, ngakhale kudziloza wekha.

Anatapa m'kachubu kachiwiri, kaja kanagona mu ayisi osasunthidwa, n'kuchita zonse monga poyamba. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa chimene chikubwera: timaulusi ta mboni tithamanga, ine ndiyaluka.

Sikirini inawala. Timaulusi tobiriwira, tokongola. Phee.

"Iii! Kafanso?"

"Sikakuyenda nakonso."

"Koma aka sindinakagwire!"

"Ndiye nkhani yake imeneyo." Mawu ake anali atasintha. Anayatsa getsi, ndipo ndinaona maso ake akuwala ngati kale, nthawi ya nsidze ndi mkaka ija. Munthu zinthu zake zakanika kawiri, iye n'kumasangalala! "Ngati tonse tiwiri sitikuyenda, vuto si kamisolo yanu. Ndi chinthu chimene chalowa monsemo. Timaulusi ndinatiyesa dzana, tili bwino. Chakudya ndasungunula lero. Yatsala enzaimu." Ananyamula kachubu kake n'kukayang'ana mokayikira. "Iyi yatulutsidwa ndi kubwezeredwa mufiriji kambirimbiri. Mwina yatha mphamvu, ndiye buleki sinamasuke n'komwe. Pali ina yatsopano m'firiji yaikulu, mu dilowa ya pansi."

"Usawerame iwe. Ndiuze, nditenga ndine."

Ndinakatenga, ndipo ulendo uno ndinakanyamula mu ayisi, dzanja lili kutali ngati ndanyamula khala la moto. Anasakanizanso, mbali ina za kachubu kanga, mbali ina za mboni, n'kutchera kawotchi. Anati tidikire pang'ono kuti enzaimu igwire ntchito yake.

Kudikira n'koipa, chifukwa mutu umapeza mpata. Ndinakhala pa mpando uja ndikuyang'ana timachubu tiwiri mu ayisi, kena ka kadontho kakuda, kena kopanda. Kena kanachitidwa zimene ndinkati zapha, kena sikanachitidwe kanthu, koma mapeto ake amodzi. Ndipo mosafuna ndinaona bedi langa. Ndinaona mwana wanga atagona chagada masabata ndi masabata, ine ndikumubweretsera madzi, ndikumukalipira akafuna kutsegula yekha windo. Mimba yoyamba inachoka ali kuntchito. Yachiwiri inachoka ali pabedi panga. Mwezi wake womwewo.

Kenako anayamba kubwera amayi a ku wodi, mmodzimmodzi. Uja anafika ndi fumbi la simenti m'tsitsi, atachoka kumene konyamula njerwa, n'kubereka chimwana chonenepa cha masiku okwana. Uja wa galimoto, amene mwamuna wake sankamulola ngakhale kutsuka mbale, n'kutaya ana atatu motsatizana. Onsewo ndinawaona ndi maso anga, ndinawagwira ndi manja anga. Sindinawaikepo pamodzi ngati timachubu.

"Namafunso."

"Amayi." Anali atandifulatira, akupukuta kagalasi.

"Ulendo wachiwiri uja sunanyamule ngakhale kapu."

Dzanja lake linaima. "Ndikudziwa, amayi."

"Unkadziwa nthawi yonseyi?"

"Sindikudziwa chimene chinachititsa. Mpaka lero sindikudziwa. Ndinkangodziwa kuti mboni inalipo, ndipo inagona m'nyumba mwanu."

"Nanga bwanji sunandiuze? Pakamwa pako posatsekeka paja panapita kuti?"

Anatembenuka. Sankalira, koma nkhope yake inali itatopa kwambiri. "Inunso munali pamaliro, amayi. Munkafuna poloza chala. Ndinati bola muziloza ntchito. Kungoti ntchitoyo ndimapitako ndine, ndiye chalacho chinkathera pa ine."

Mawuwo anandilasa pansi pa nthiti, ndipo ndinangogwira m'mphepete mwa tebulo. Mwayi wake kawotchi kanalira.

Anayamba ndi mboni. Getsi anazimitsa, sikirini inawala, timaulusi tinaonekera. Ndinali nditazolowera kutiona tili phee, ndiye poyamba ndinaganiza kuti maso anga ndi amene akuyendayenda chifukwa cha misozi. Ayi ndithu. Kaulusi kamodzi kanasuntha, mutu patsogolo. Kenako kena. Kenako tonse, sikirini yonse yakaliyakali, kena kulowera uku, kena uko, kena kukhota n'kudutsa pa kanzake, popanda wotikankha.

"Tikuyenda! Iwe, tikuyenda! Tili ndi moyo?"

"Ayi. Manja aja ndi amene akutipatsirana pansipo."

"Manja osaoneka aja?"

"Omwewo."

"Ndiye kukoka kumene ndakhala ndikukumva ndi dzanja langa zaka zonsezi ndi kumeneku?"

"Ndi kumeneku, amayi. Kungoti m'chiberekero timaulusi tinamangidwa, ndiye m'malo moyenda, mnofu wonse umafupika."

Ndinaiwala ukulu wanga. Ndinasankha kaulusi kamodzi kakafupi n'kumakatsatira ndi chala mpaka kanatuluka m'mphepete mwa sikirini. Ndinasankha kena. Ndinamufunsa ngati timatopa, ngati timagundana, chimene chimachitika chakudya chikatha, ndiponso ngati mankhwala amene tinkapatsa amayi kuti mimba ileke kukoka amafika pa kabuleki komweko. Zina anayankha, zina anati sakudziwa. Pamapeto anati, "Amayi, dzina lija mundibwezere, mwanditengera."

Kenako anaika kagalasi ka kachubu kanga. Timaulusi tina tinali titakakamira malo amodzi, tikungogwedeza mchira, koma tambiri tinkayenda bwinobwino.

"Mwaonatu. Kamisolo yanu yavulaza pang'ono, koma sinaphe. Musadzabwerezenso."

"Ndamva."

Tili choncho, chitseko chinagogodedwa ndipo kuwala kunalowa. Anali mayi wamfupi wa imvi, magalasi ali pachipumi, atanyamula mulu wa mapepala a ana asukulu. Ine ndinkayembekezera chimunthu chachikulu cha ndevu. Anayamba wayang'ana sikirini, osati ife.

"Aa, zayenda! Mboni ili kuti?"

"Yayendanso, Apulofesa," anatero Namafunso. "Enzaimu yakale ija ndi imene inafa. Awa ndi amayi anga."

Tinapatsana moni. Apulofesa anaika mapepala awo pansi n'kunena, "Mwana wanu anandiuza kuti muli ndi mawu, mayi. Ndabwera kuti ndimve."

Namafunso anavula magolovesi pang'onopang'ono, n'kuwapinda, n'kuwaika pa tebulo. Sanandiyang'ane. Anali atalonjeza kuti satsutsa, ndipo ndinaona kuti satsutsadi. Mawu anga a m'basi aja anali pomwepo pa lilime, okonzeka.

"Mawu ndili nawo," ndinatero. "Mipando yanu ilibe chotsamira. Munthu woyembekezera angakhale pa chimenechi tsiku lonse ngati mbalame pa nthambi? Mum'pezere mpando weniweni. Ndipo dilowa ya pansi ija asamaitsegule yekha."

Apulofesa anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana. "Mpando ubwera lero lomwe. Palinso china?"

"Chilipo. Enzaimu ija imamasula buleki, ndamva. Nanga iyoyo amaiuza ndani kuti nthawi yakwana? Chifukwa kwa amayi ena imauzidwa msanga."

"Zina mwa izo tikuzidziwa," anatero Apulofesa. "Koma chimene chimayambitsa zonse, ndi chifukwa chake kwa ena chimafulumira, tikanachidziwa bwenzi labu ino titatseka. Mwana wanuyu ndi mmodzi mwa amene akufunsa."

"Ndiye azifunsabe," ndinatero.

Apulofesa atatuluka, Namafunso ankangoyang'ana magolovesi aja. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka. Sindinamuletse kulira. Mantha anga sanapite kulikonse, mwezi woopsa uja unali ukadali patsogolo pathu, ndipo panalibe aliyense m'nyumba yonseyo amene akanandilonjeza kanthu. Zimenezo ndinazidziwa bwino lomwe.

Ndinasendeza mpando wanga pafupi ndi wake. Masiku onse ndikafuna kumugwira pamimba ndinkayamba ndi kumufunsa kuti lero wanyamula chiyani, waima nthawi yaitali bwanji. Ulendo uno sindinafunse. Manja anga anali atazizira ndi ayisi, ndiye ndinayamba ndawatikita mpaka anafunda, kenako ndinaika limodzi pamimba pake. Inali yofewa. Pa sikirini timaulusi tinkayendabe, ndipo pansi pa chikhatho changa mwanayo anandimenya kachidendene.

"Sunalakwe iwe, mwana wanga," ndinatero. "Ngakhale ulendo woyamba uja."